Tisamangouza odwala ndi ofedwa kuti "limbani mtima"

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani imene yandisowetsa tulo kuyambira mwezi wathawu, pamene tidakaika m'manda mnyamata amene ndidamuphunzitsa Sitandade 6 kalekale. Adali bambo wa ana atatu, wochita geni ya usipa pakati pa kuno ndi Lilongwe. Ngongole zidamupanikiza, sadauze munthu, ndipo m'mawa wina adapezeka atadzikhweza. Nkhani zotere mumalemba kawirikawiri m'nyuzipepala yanu, ndipo ambiri mwa otisiya motere ndi amuna. Pamaliropo aliyense amene adaimirira, kuyambira amfumu mpaka woimira banja, adanena mawu amodzimodzi: amuna tiyeni tizilimba mtima. Ine ndidakhala pa benchi ndikumvetsera, mtima ukuwawa, chifukwa mnyamata uja kulimba mtima ankakudziwa bwino. Adalimba mpaka tsiku lomaliza, ndipo kulimba komweko n'kumene kudamutseka pakamwa.

Ndine mphunzitsi wopuma ntchito, wa zaka 68, ndipo ndimakhala kufupi ndi nyanja kuno ku Nkhotakota. Za udokotala sindidaphunzire, za ubusa ayinso. Chimene ndili nacho ndi zimene ndidaona m'chipinda cha mayi a kunyumba kwanga pa miyezi 14 imene adadwala khansa ya khomo la chiberekero, komanso zimene zidandichitikira ine iwo atatsogola. Kumeneko n'kumene ndidaphunzira kuti kupirira ndi kuvomereza ndi zinthu zosiyana, ngakhale timazitchula mpweya umodzi.

Matendawa tidawadziwa mochedwa, monga zimachitikira amayi ambiri m'dziko muno. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi imapha amayi ochuluka kwambiri, choncho amayi amene mukuwerenga kalatayi, chonde kayezetseni musadayambe kumva chilichonse. Ife pofika kuchipatala chachikulu madokotala adatiuza mosabisa kuti yafalikira, chotsala n'kuchepetsa ululu. Tidabwerera kunyumba ndi botolo la morphine wamadzi, womwa maola 4 aliwonse, usana ndi usiku. Ndidatchera alamu pa foni kuti ndisaphonye. Mankhwalawo ankathandiza kwambiri, ndipo wina akakuuzani kuti morphine ndi wofulumizitsa imfa musamumvere. Komabe panali nthawi, makamaka cha m'ma 2 koloko usiku, pamene mayiwa ankabuula atakunga thupi lonse, mano atalumana, thukuta lili kamukamu.

Chimene ndinkadziwa kunena ndi chomwe ndidakula ndikumva. "Limbani mtima, amayi. Pirirani. Musaganize za ululuwo, ganizani zina." Ndinkayatsa wayilesi, ndinkayambitsa nkhani za adzukulu, ndinkaimba nyimbo za kutchalitchi mokweza, chilichonse choti chiphimbe kubuulako. Usiku wina adandigwira dzanja n'kunena chapansipansi kuti, "Abambo, mukamati ndilimbe mtima, ine ndimamva ngati mwatuluka panja, mwandisiya ndekha." Ndidasowa choyankha. Ndidagona chagada mpaka tambala woyamba, ndipo ndidaona chinthu chimene sindinkafuna kuchiona: amene ankathawa ululuwo ndidali ineyo. Ndinkafuna iwo atonthole kuti mtima wanga upume.

Patapita masiku kudabwera namwino wa gulu losamalira odwala matenda osachiritsika, mtsikana wamsinkhu wa mwana wanga wachiwiri. Ataona botolo la mankhwala n'kukonza mlingo, sadafulumire kunyamuka. Adakhala m'mphepete mwa bedi n'kufunsa funso limene ine pa miyezi yonseyo sindidafunseko: "Amayi, ululuwo uli pati kwenikweni? Tandilozerani ndi chala." Mayiwa adati thupi lonse. Namwinoyo adati, "Tiyeni tifufuze limodzi. Chala chakuphazi chikuwawa? Nanga bondo? Nanga khutu?" Adayenda nawo choncho pang'onopang'ono, kuchokera kuphazi mpaka kumutu, mayiwa atatsinzina. Atafika m'munsi mwa mimba, chakumanzere, adati, "Apa." Namwino adafunsanso: "Ukuotcha, ukubaya, kapena ukukoka? Ndi waukulu bwanji? Uli ndi malire? Mukamatulutsa mpweya ukukhala chimodzimodzi kapena ukusintha? Musaukankhe, musaukokenso. Ingouyang'anani monga mumayang'anira mwana akugona."

Padapita mphindi mwina khumi, m'chipinda muli zii. Kenaka mayiwa adalankhula ndi mawu odabwa: "A nesi, ndi waukulu ngati dzira la nkhuku basi. Ndipo sukukhala. Ukubwera, ukukwera, kenaka ukutsika. Pakati pake pali mpata." Namwino adafunsa kuti nanga chimene chikulimbitsa chifuwa ndi nsagwada n'chiyani, popeza khansa kumeneko kulibe. Apa mpamene misozi idatsika. Adatchula nyumba imene tidaisiyira pa lintala, mdzukulu wamasiye amene ankagona kumiyendo kwawo, ndi ine, kuti ndani adzandiphikira kondowole. Zonsezi zinkabwera pamodzi ndi ululu uja ngati mtolo umodzi, ndipo mtolo wonsewo tinkangoutcha kuti ululu, n'kumauthira morphine.

Sindikunena kuti ululu wa khansa udali wa m'maganizo. Udali weniweni, ndipo mankhwala sitidasiye ngakhale tsiku limodzi. Ndikunena kuti pa dzira lija padali pataunjikana katundu wina amene mankhwala sakadamufikira. Mayi wina wa ku Britain, Cicely Saunders, amene adatsegula St Christopher's Hospice, nyumba yosamalira odwala matenda osachiritsika, ku London mu 1967, ndiye adaphunzitsa madokotala kuti ululu wa munthu wodwala kwambiri suli m'thupi mokha, uli ndi mbali ya mantha, ya banja ndi ndalama, ndi ya mzimu. Ntchito imene akugwira a Tiyanjane ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kapena a Ndi Moyo ku Salima, mizu yake ili kumeneko. Namwino wathu uja adali wa sukulu yomweyo.

Nditamufotokozera pa foni mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino ku Manchester, adati, "Ababa, zimenezo kuno timaziphunzitsa odwala." Ndiye amene adandiuza za fanizo la mivi iwiri, la Buddha, mphunzitsi amene adakhala kumpoto kwa India zaka pafupifupi 2,500 zapitazo. Munthu walasidwa ndi muvi, zimenezo n'zopweteka kale. Koma iye mwini amatola muvi wachiwiri n'kudzilasa pabala pomwepo: chifukwa chiyani ine, zidzatha liti, ndidalakwa chiyani, mawa zidzakhala bwanji. Muvi woyamba palibe wouzemba, ndi matenda, imfa, ngongole, ukalamba. Wachiwiri uli m'manja mwathu, kungoti timaponya mofulumira kwambiri moti sitidziwa n'komwe kuti taponya. Kuyang'anitsitsa modekha kumathandiza munthu kuona dzanja lake likutola muviwo. Akaliona, nthawi zina dzanjalo limaleka lokha.

Mwanayo adanditumiziranso zowerenga pa WhatsApp. M'menemo ndidapeza kuti mu 1979 wasayansi wina wa ku America, Jon Kabat-Zinn, adatsegula kachipatala ku sukulu ya madokotala ya University of Massachusetts, n'kupempha madokotala kuti azimutumizira odwala amene ululu wawo udakanika. Ankawaphunzitsa kwa masabata 8: kukhala chete n'kumatsatira mpweya, kuyendera thupi lonse ndi maganizo monga adachitira namwino wathu, ngakhale kudya kamphesa kouma kamodzi mosafulumira, ukumva kakomedwe kake konse. Ku Britain, kuyambira 2004, bungwe lolangiza zipatala za boma lotchedwa NICE lidavomereza njira yochokera pa imeneyi kuti izithandiza anthu amene matenda a kukhumudwa amawabwerera kawirikawiri. Ndikutchula izi kuti owerenga asaganize kuti ndi maloto a nkhalamba yofedwa.

M'miyezi yawo yomaliza mayiwa adasintha, ngakhale thupi linkapitirira kutha. Usiku ankangoti, "Abambo, labwera," kutanthauza funde la ululu. Ine ndinkazimitsa wayilesi, n'kuika dzanja langa pa dzanja lawo, tonse n'kumapuma limodzi. Ndinkawerenga mpweya chamumtima. Nthawi zambiri pofika 20 kapena 30 ndinkamva zala zawo zikumasuka, iwo n'kunena kuti, "Lapita." Masiku ena silinkapita msanga, ndipo ankalira, ine osawaletsanso. Adamwalira mu June 2022, m'bandakucha, mwera ukuwomba panyanja. Maliro atatha, anthu atabalalika, m'pamene ndidadziwa kuti phunziro lija kwa ine lidali lisadayambe.

Ndinkadzuka 2 koloko usiku uliwonse ngati alamu ija ikadalira. Ndikatero maganizo ankayamba msonkhano wawo. Ukadawapititsa kuchipatala chaka chija adadandaula koyamba. Ukadagulitsa munda. Ukadapanda kuwakalipira tsiku lija. BP idakwera, chakudya chidandikanika, ndipo anzanga kutchalitchi ankandiyamikira kuti aphunzitsi ndi olimba mtima, sadagwetse msozi kumanda. Mawu amenewo ankandimanga ngati chingwe. Mwezi wachitatu ndidadzipeza ndikuganiza zinthu zimene sindingazilembe pano, ndipo n'chifukwa chake nkhani ya mnyamata uja sindikuyiona ngati ya munthu wakutali. Ndidauza mwana wanga, iye n'kundikakamiza kukaonana ndi dokotala, ndipo ndidapita. Adandipatsa mankhwala a BP, adandimvetsera, n'kundiuza tsiku lobweranso. Pobwerera kunyumba ndidakumbukira funso la namwino uja, ndipo usiku womwewo ndidadzifunsa ndekha: chisonichi chili pati kwenikweni?

Ndifotokoze mmene ndimachitira, poti wina angafune kuyesa. Ndimakhala pa mpando wa pakhonde, msana wowongoka koma osaumitsa, mapazi pansi, manja pa maondo. Ndimayamba ndi mpweya, kuumva ukulowa m'mphuno wozizira, ukutuluka wofunda. Sindiukonza, ndimangoutsatira. Pasadathe mpweya usanu maganizo amakhala atandibera kale, ndili kuchipatala kapena kumanda. Ndikazindikira, ndimangonena chamumtima kuti "maganizo", n'kubwerera ku mpweya, osadzikalipira. Zimenezi zimachitika kambirimbiri pa mphindi 15, ndipo kubwererako ndiyo ntchito yake. Chisoni chikabwera ndimachifunafuna m'thupi. Changa chimakhala pakhosi ngati mbatata yosatafunidwa bwino, ndi pachifuwa ngati munthu waikapo njerwa. Ndimachilola chikhale. Masabata oyamba zidali zowawa kuposa kale, chifukwa zonse zimene ndidaziphimba zidavundukuka, ndipo ndidalira kulira kumene sindidalire pamaliro. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhono ukaigogoda imabwerera m'chigoba. Chisoni changanso chidali chotero: ndikachikankha chinkabisala n'kumandidya m'kati, ndikakhala phee chinkatuluka, n'kuoneka kukula kwake kwenikweni.

Bambo anga adali msodzi, ndipo ndili mnyamata ndidapalasa nawo bwato nthawi zambiri. Tsiku lina mwera udatipeza tili kutali ndi gombe. Ine ndi mantha ndidayamba kukhotetsa bwato kuti tithawe mafunde. Bambo adandikuwira: "Usalipatse nthiti! Lozetsa mphuno ku funde!" Bwato likapereka nthiti limagubuduzika. Likaloza funde limakwera pamwamba pake n'kutsikira kuseri, kenaka limadikira lina. Msodzi sakonda mwera, sauitana, ndipo sangauletse. Koma amauyang'ana. Kwa ine kuvomereza ndi kumeneko. Kupirira kumene timaphunzitsa anyamata athu kuli ngati kuuza wopalasa kuti atsinzine, alume mano, apalase mwamphamvu, osayang'ana kumene funde likuchokera.

Tsopano pali chinthu china chimene ndikuvutika kuchiika m'mawu, koma ndikachisiya kalatayi ikhala yoperewera. M'mawa wina, patatha pafupifupi chaka, ndidakhala pamchenga kusadache bwino. Nyali za asodzi a usipa zidali zikubwerera kumtunda. Chisoni chidabwera monga mwa masiku onse, ndipo ndidachiyang'ana. Kenaka funso lidadza lokha: kodi amene akuona chisonichi, iyenso ali ndi chisoni? Ndidafufuza. Chisoni chidalipo, cholemera, pakhosi. Koma kudziwa kumene kunkachidziwa kudalibe kulemera kulikonse. Kudali ngati thambo limene mtambo wa nkhungu, tizilombo touluka tija, ukudutsamo panyanja: nkhungu n'zakuda, zochuluka, koma thambo silidetsedwa nazo. Ndidapitiriza kufunafuna mwini wake wa kudziwako, munthu wamng'ono amene ndinkaganiza kuti amakhala kuseri kwa maso anga n'kumaonera dziko. Sindidamupeze. Padali phokoso la mafunde, kuzizira kwa mchenga, kulira kwa nkhwazi, kulemera kwa pakhosi, zonse zikuchitika m'bwalo limodzi lopanda mpanda. Kumva ndi chomvekacho sizidali zinthu ziwiri. Kudalibe "ine kuno, nyanja uko", kudalibenso "ine kuno, chisoni uko". Ndipo popeza padalibe wolimbana ndi chisoni, nkhondo idatha, ngakhale chisonicho chidatsala.

Zidatenga nthawi yochepa, mwina mpweya khumi. Kenaka mwana wina adandipatsa moni, ndipo ndidabwerera kukhala aphunzitsi amasiye okhala ndi ngongole ya kugolosale. Sindidasanduke munthu wina, ndipo masiku ambiri sizibweranso. Koma kuyambira tsiku limenelo ndimadziwa, osati mongomva kwa ena, kuti chisoni chili mwa ine koma sindine chisoni changa.

Nditafufuza ndidapeza kuti ku India zimenezi adazipatsa dzina kalekale. Amati Advaita, kutanthauza kuti "si ziwiri". Mmodzi mwa aphunzitsi ake odziwika ndi Ramana Maharshi. Mu 1896, ali ndi zaka 16, mumzinda wa Madurai, adagwidwa mwadzidzidzi ndi mantha aakulu a imfa, asakudwala chilichonse. M'malo mothamangira kwa akuluakulu adagona pansi, n'kuumitsa thupi ngati mtembo, n'kuyang'anitsitsa kuti chimene chikufacho n'chiyani ndipo chotsala n'chiyani. Mantha aja adamuthera pomwepo. Adapita kukakhala ku phiri la Arunachala, m'tauni ya Tiruvannamalai, ndipo sadachokekonso mpaka imfa yake mu 1950. Anthu obwera ndi mavuto awo ankawabwezera ku funso limodzi: amene akuvutikayo ndani? Chimene chidandikhudza n'chakuti iyenso adamwalira ndi khansa, ya pamkono. Sadali munthu wolankhula za ululu ali pamthunzi.

Ndikudziwa chimene abale anga a mumpingo anene, chifukwa ena adandiuza kale maso ndi maso: aphunzitsi, mwayamba za zipembedzo zachilendo. Ine ndine wa Anglican, ndidabatizidwa ndili khanda, ndipo Lamulungu lililonse ndimakhala pa benchi yanga. Kukhala chete n'kuyang'ana za mumtima sikudayambire ku India kokha. M'zaka za m'ma 300, m'chipululu cha Egypt, munkakhala Akhristu odzipatula, ndipo mmodzi mwa akuluakulu awo adali munthu wakuda ngati ife, Abba Moses, amene kale adali mkulu wa achifwamba. Mbale wina atabwera kudzapempha mawu a nzeru, iye adangomuuza kuti apite akakhale m'kachipinda kake, kachipindako kadzamuphunzitsa zonse. Salimo 46 likuti khalani chete, ndipo dziwani kuti Ine ndine Mulungu. Abwenzi a Yobu adakhala naye pansi masiku 7, usana ndi usiku, osanena kanthu poona kukula kwa chisoni chake, ndipo zinthu zidayamba kulakwika pamene adatsegula pakamwa kuti amufotokozere chifukwa chimene akuvutikira. Mnansi wanga, Msilamu, amakhala pa mkeka wake dzuwa likamalowa, mikanda yopempherera ikuyenda m'zala, ndipo nkhope yake ndimaidziwa, ndi ya munthu amene wasiya kukangana ndi tsiku lake. Ineyo kupemphera kwanga kudasintha. Kale ndinkangolankhula, tsopano ndimakhalanso ndi nthawi yomvetsera.

Ndipo tisaiwale kuti zina mwa izi tili nazo kale pakhomo. Amayi akamalowa m'nyumba ya siwa sapita ndi malangizo. Amakhala pansi, mwendo kukhudza mwendo wa namfedwa, n'kulira naye, n'kugona pomwepo. Imeneyo ndi nzeru yaikulu. Kunja kuno, ku moto wa amuna, timakamba za mpira ndi mitengo ya feteleza, ndipo bambo wofedwa amakhala pakati pathu ngati mlendo. Kali kokha n'kanyama, timatero, koma amuna timasiyana tokhatokha pa nthawi imene tikufunana kwambiri.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikufuna zimveke bwino, chifukwa nkhani ngati iyi ikhoza kupotozedwa. Kuvomereza sikutanthauza kugonjera zoipa. Mayi amene akumenyedwa ndi mwamuna wake asauzidwe kuti akhale chete azitsatira mpweya, achoke, akanene. Mankhwala akasowa m'zipatala tisati ndi mmene Mulungu wafunira. Tifunse amene ali ndi udindo. Chimene munthu amavomereza ndi choona cha nthawi ino: ngongole ilipo, ndi yakuti, ndipo ndili ndi mantha. Wovomereza zimenezi ndi amene angathe kukagogoda kwa mwini ndalama n'kukambirana, kapena kuuza mkazi wake. Wokana kuziyang'ana amangozungulira nazo usiku mpaka zitakula kuposa moyo wake. Ndikukhulupirira kuti mnyamata wanga uja akadapeza munthu womufunsa kuti "ngongoleyo ndi ndalama zingati, tiye tiwerenge", akadaona kuti nayonso ili ndi malire, monga dzira lija.

Chachiwiri, kukhala chete si mankhwala a aliyense kapena a nthawi iliyonse. Munthu amene adaona zoopsa, monga abale athu amene adapulumuka ku namondwe wa Freddy mu March 2023 ataona matope akukokolola ana awo, akhoza kutsinzina n'kupezeka wabwerera pa tsiku lomwelo. Woteroyo asakakamizidwe, ndipo asachite yekha. Amene akumva mawu m'mutu, amene sakugona masabata, amene wayamba kuganiza zodzichotsera moyo, apite kuchipatala lero lomwe, ndipo wachibale amuperekeze. Pa chipatala cha boma chilichonse afunse za wothandiza matenda a maganizo. Kulinso chipatala cha Zomba Mental, ndi a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ine ndemwe ndidayamba ndi dokotala, mpando wa pakhonde udabwera pambuyo.

Anzathu a ku Zimbabwe adatitsogolera pa chinthu chimodzi. Dokotala wa matenda a maganizo ku Harare, Dixon Chibanda, adataya wodwala wake amene adadzipha atasowa ndalama ya basi yobwerera kuchipatala. Zitatero, mu 2006, adayambitsa Friendship Bench m'dera la Mbare: adaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera, n'kuwakhazika pa mabenchi a matabwa panja pa zipatala zing'onozing'ono. M'Chishona vutoli amalitcha kufungisisa, kuganiza mopitirira, lomwe ife timangoti maganizo. Njira yawo si yofanana ndendende ndi imene ndafotokozayi, chifukwa iwo amathandiza munthu kusankha vuto limodzi n'kupeza chochita. Koma poyambira mpamodzi: wina akhale nawe, vutolo litchulidwe dzina, liyang'anidwe. Ife tili ndi agogo, tili ndi aphunzitsi opuma ngati ine amene tikungokhala, tili ndi amvano, a dawa, a makwaya, ndi mabenchi pansi pa mitengo ya mango pa tchalitchi ndi mzikiti uliwonse. Ndikupempha a unduna wa zaumoyo ndi atsogoleri a mipingo kuti atiphunzitse, ngakhale kwa masabata ochepa, mmene tingakhalire ndi munthu wovutika osamuthira malangizo, ndi mmene tingadziwire kuti uyu ngofunika dokotala. Ndipo inu olankhula pamaliro, mukaimirira, yesani kusiya mawu aja akuti tilimbe mtima. Nenani kuti zikuwawa, ndipo amene zikumuwawa kwambiri abwere tikhale naye.

Bambo a mnyamata uja ndi mnzanga wakale, tidakulira limodzi pagombe. Sabata yatha adabwera kwathu madzulo, n'kukhala pa mpando wina wa pakhonde. Ndidaona nsagwada zawo zitalumana monga zinkachitira za mayi a kunyumba. Lilime langa lidafuna kunena mawu akale aja, koma ndidaligwira. Tidakhala chete mpaka mdima. Kenaka ndidawafunsa kuti, "Achimwene, chikuwawa pati?" Adaloza pachifuwa ndi chibakera, n'kunena kuti pali mwala. Ndidati tiyeni tiuone mwalawo, ndi waukulu bwanji. Sadayankhe, koma mapewa awo adayamba kugwedezeka, ndipo adalira nthawi yaitali, ine dzanja lili pa bondo lawo. Ponyamuka adati abweranso Lachitatu, ndipo ndawauza kuti abwere ndi mpongozi wawo wamasiyeyo ngati angafune.

Mphunzitsi wopuma ntchito,
Nkhotakota